Pepala la Maziro Atatu

"Ndiwe wapereka mayina athu ku ofesi, iwe Tsabola. Usayang'ane kumbali. Ndiwe."

Anatero Mayi a Simbi ataima pakhomo la kantini, nkhope ikadali yonyowa ndi nthunzi ya kositira. Sanakweze mawu. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu akusita mabedishiti a m'mahotela ndi m'zipatala zinawaphunzitsa kuti chinthu chimawongoka ndi kukanikiza, osati ndi phokoso.

Tsabola anali ndi choko m'manja. Pa bolodi, lomwe kwenikweni linali chitseko cha kabati yakale chopakidwa penti yakuda, anali atalemba kale mawu a tsikulo. Anthu khumi ndi mmodzi anakhala m'mabenchi, chakudya chamasana chili pamiyendo, makope ali patebulo. Onse anasiya kutafuna.

"Mayina ati?" anafunsa Tsabola.

"Akapitawo abwera ndi uthenga. Mawa eyiti koloko, anthu atatu ku ofesi ya amanijala. Ine, uja wa kumigolo ya mankhwala, ndi amalume akowa. Tandiuza tsono, poti ndiwe wophunzira. Atatu amenewa tikufanana chiyani? Kutalika? Nsapato?"

Tsabola ankadziwa chimene ankafanana. Aliyense m'chipindamo ankadziwa. Ndipo aliyense ankadziwanso za makina atsopano amene anafika mwezi wathawo, omwe anali akadali m'mapulasitiki kuseri kwa shedi. Makina akale ankangofuna dzanja ndi khutu. Atsopanowa anali ndi kagalasi kolemba mawu, ndipo mphekesera inali itazungulira kale fakitale yonse yochapira kuti amene sangawerenge kagalasiko aonetsedwa msana wa njira.

Dzina la Tsabola mtsikanayu analitenga kusekondale, chaka chachiwiri, tsiku limene anauza mphunzitsi pamaso pa kalasi yonse kuti wachonga molakwika. Zinali zoona. Anamuchotsabe sukulu. Zotsalazo anadziphunzitsa yekha, m'mabuku ongobwereka ndi pafoni yong'aluka galasi, kwinaku akupinda matawulo pafakitale pomwe amalume ake anamupezera malo. Amalumewo ndi amene anamulera mayi ake atamwalira, ndipo anali atakhala zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi akuyang'anira boyila, chithanki chowiritsira madzi a nthunzi. Ankaidziwa boyilayo ndi khutu ngati mwana wawo. Ikangosintha kalilidwe ankaimika supuni m'malere n'kunyamuka. Koma chikwangwani chofiira chimene chinakhomedwa pamwamba pake sanadziwepo chimene chimanena, ndipo sanafunse.

Kalasi ya m'kantiniyi inayamba chifukwa cha migolo iwiri. Yonse inali yabuluu, yonse inali ndi zolembedwa, ndipo bambo wa kumigolo anasakaniza zam'katimo. Anthu anayi anatsokomola sabata yathunthu. Akapitawo anamukalipira bamboyo kuti alibe maso, ndipo Tsabola, amene anaona mmene bamboyo ankayang'anira zilembozo, anapsa mtima mpaka matawulo a tsiku limenelo anatuluka opindidwa ngati akufuna kumenyana.

Anafufuza pafoni mpaka anapeza lipoti lalitali la anthu amene anachita kafukufuku wa mmene munthu wamkulu amaphunzirira kuwerenga. Ankaliwerenga m'basi, m'mawa ndi madzulo. Lipotilo linkati usaimbitse anthu zilembo ngati kwaya, chifukwa m'kwaya wosadziwa amabisala kumbuyo kwa wodziwa. Uziphunzitsa liwu la chilembo chilichonse, kenako kulumikiza maliwuwo, kenako mawu opangidwa ndi zilembo zokhazo zimene munthu waphunzira. Pang'ono tsiku lililonse, osati zambiri kamodzi. Aliyense aziwerenga yekha mokweza. Ndipo linkati uyeze: tsiku loyamba, usanaphunzitse kalikonse, mupatse munthu pepala ndi mphindi imodzi, ulembe mawu amene wawerenga, kuti mwezi ndi mwezi uziona ngati njira yako ikuyenda.

Tsabola anayeza. Ena anawerenga mawu asanu, ena khumi. Atatu sanawerenge ngakhale amodzi, ndipo iye analemba ziro, ziro, ziro, mayina ali pambali, mwaukhondo, ndi rula.

Kenako anapita kukapempha kantini. Amanijala anakana. Anati pafakitalepo aliyense amadziwa kuwerenga, poti onse anafunsidwa polembedwa ntchito ndipo onse anavomera. Apa m'pamene Tsabola anatulutsa pepala lija n'kulimenyetsa patebulo.

"Werengani nokha," anatero. "Izi si zam'mutu mwanga. Ndi za kafukufuku."

Amanijala anawerenga. Anapereka kantiniyo nthawi yomweyo, mphindi makumi atatu za nkhomaliro, Lolemba mpaka Lachisanu. Anadinda pepalalo n'kuliika m'faelo. Tsabola anatuluka phewa lili m'mwamba.

Lipoti lija linali ndi mutu wina wonena kuti zotsatira za munthu ndi chinsinsi cha iye ndi mphunzitsi wake, ndipo zisaperekedwe kwa womulemba ntchito. Mutu umenewo unali kumapeto. Tsabola anaufikira patatha sabata ziwiri, basi ili pa roboti, ndipo anatseka foni n'kudziuza kuti amanijala ndi munthu wotanganidwa, aiwala.

Tsopano panali patatha miyezi isanu, ndipo Mayi a Simbi anali akadali pakhomo.

"Ndine," anatero Tsabola.

"Ndamva. Ndimafuna ndimve ndi pakamwa pakopo."

"Ndinkafuna atipatse chipinda."

"Watipezeradi chipinda. Chachikulu. Kunja konse kuja."

Wina anaseka n'kuzindikira kuti waseka yekha. Bambo wa kumigolo anangoyang'ana chivindikiro cha kontena yake. Tsabola anapsa mtima, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake mkwiyowo unalibe kolowera, poti wolakwa anali iye mwini.

Amalume anapukuta zala pa ovolosi n'kutsegula kope lawo.

"Aphunzitsi," anatero. M'kalasi ankamutcha choncho, mwaulemu wonse, ngakhale kuti kunyumba ankamutuma madzi osamba. "Belu lilira posachedwa. Lero tikuphunzira kapena tikuzenga mlandu? Ngati ndi mlandu ndikadye panja."

Anaphunzira. Mayi a Simbi anakhala pabenchi yakumbuyo n'kulengeza kuti sanakhululuke, angotopa kuimirira.

Tsiku limenelo linali la mawu opanda tanthauzo, omwe amalume ankadana nawo kuposa china chilichonse. Lipotilo linkati uziwapatsa anthu mawu ongopeka, kuti uone ngati munthu akuwerengadi kapena akungokumbukira. Amalume anali katswiri wokumbukira. Mwezi woyamba anawerenga tsamba lathunthu bwinobwino, mopanda kuphonya, buku lili lotsegula pa tsamba lina.

"Amalume, mzere wachitatu."

Anaika chala pansi pa mawuwo. "Lo. Mu. Lomu. Ta. Vi. Tavi." Anadzutsa mutu. "Aphunzitsi, ine ndili ndi imvi. Ndakula kufika pano kuti ndiziti lomu tavi pamaso pa anthu?"

"Pitirizani."

"Akandimva alamu anga aziti boyila yandiphika ubongo."

"Pitirizani, amalume."

Anapitiriza, ndipo sanaphonye ngakhale amodzi. Mayi a Simbi itafika nthawi yawo anawerenga mzere wawo ngati akutukwana munthu, koma anawerenga.

Belu litalira, Tsabola sanabwerere ku matawulo. Anatenga pepala la mwezi umenewo n'kukwera masitepe a ku ofesi awiriawiri.

Amanijala anali munthu wofatsa, wa malaya oyera amene ankachapidwa ndi kusitidwa pansi pomwepo. Sankakalipa. Ankamvetsera munthu mpaka amalize, kenako n'kuchita zimene anali atakonza kale. Anamulozera mpando. Tsabola anakana kukhala.

"Ili ndi la mwezi uno," anatero, n'kuliika patebulo, ulendo uno mosamenyetsa. "Amalume akuwerenga mawu makumi atatu ndi amodzi pa mphindi. Mayi a Simbi makumi awiri ndi asanu ndi limodzi. Bambo wa kumigolo khumi ndi asanu ndi anayi. Palibenso ziro."

Amanijala analiyang'ana osaligwira. "Mwagwira ntchito yabwino."

"Ndiye musinthe."

"Pepala ili lilibe chidindo."

"Chidindo chili apo. Dindani."

"Timadinda pepala limene ofesi yapempha."

"Loyamba lija simunalipemphe."

"Lija munabweretsa nokha."

"Ilinso ndabweretsa ndekha."

Amanijala anaganiza pang'ono, ngati munthu amene wamva mfundo yabwino pa nkhani ya dziko lina. Kenako anafotokoza modekha kuti akuluakulu a kulikulu anafuna mayina atatu, ndipo anafuna umboni, kuti pasapezeke woti pachitika kukondera. Mamanijala ena anavutika, anasankha ndi maso. Iwo okha ndi amene anatumiza pepala la manambala, ndipo anawayamikira pamsonkhano.

"Inu nomwe munandiuza kuti ndi za kafukufuku," anatero. "Ine ndingatsutsane ndi kafukufuku?"

"Kafukufukuyo amati muyeze kawiri. Loyambalo ndi loonera pamene munthu wayambira. Mwana mumamuyeza sikelo tsiku lobadwa, ndiye akakula muzimugulira malaya a sikelo imeneyo?"

"Fanizo labwino."

"Aitaneni pano. Muwapatse chilichonse, nyuzipepala iyo, kalendala iyo. Mphindi imodzi yokha."

"Makalata alembedwa kale, mayi."

Patebulopo panali chomangira mapepala chachitsulo, cholemera bwino, ndipo Tsabola anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatola pepala lake n'kutuluka. Chitseko chinali cha mtundu wodzitsekera pang'onopang'ono, choncho ngakhale kuchimenyetsa sikunatheke.

Madzulo dzuwa lisanalowe anapeza amalume pakhonde la nyumba yawo ya zipinda ziwiri, akupaka polishi nsapato za kuntchito. Nsapatozo zinali zisanaonepo polishi chigulireni. Tsabola anaima pamenepo n'kuyamba kulalata za amanijala, za akulikulu, za makina, za anthu amene amadya thukuta la anzawo n'kupukutira pakamwa tawulo loyera. Analalata mpaka aneba anachepetsa wailesi. Amalume anamaliza nsapato yakumanja n'kuyamba yakumanzere.

"Wamaliza?"

"Sindinamalize."

"Kupepesa kwako n'kwautali, mwana wa mlongo wanga. Mayi akonso anali otero. Akaswa mbale ankakalipira pansi kuti n'polimba."

Tsabola anakhala pa sitepe. Ankafuna amalumewo amukalipire, amutchule chitsiru, amuuze kuti wadya mfulumira. Zikanamupepukira. Iwo anangopitiriza kupukuta.

"Akakuchotsani mupita kuti?" anafunsa. "Pa msinkhu wanuwu ndani angakulembeni?"

"Palibe."

"Ndiye mukupakiranji polishi?"

"Sindinaitanidwepo ku ofesi ija. Zaka zonsezi ndimangoiona pansi pake." Anaunika nsapatoyo. "Mawa upite nane. Koma pakamwa usiye kuno, pakhale pakuyang'anira nyumba."

M'mawa mwake atatu aja anakhala pabenchi ya kunja kwa ofesi, ndipo Tsabola anaimirira kumapeto. Mayi a Simbi anavala diresi losita mpaka m'mphepete mwake mukanatha kudula chala. Sanamulankhule Tsabola, koma anasendera pang'ono kuti akhale. Akapitawo anatuluka n'kuitana amalume poyamba, poti ndi amene anali wamkulu, ndipo Tsabola analowa nawo.

Amanijala anaimirira n'kuwagwira chanza. Anati kampani ikuthokoza kwambiri. Anati dziko likusintha ndipo palibe amene angaliimitse. Kenako anatenga envelopu n'kuilozetsa kwa Tsabola.

"Mwachita bwino kubwera. Muwawerengere bambowa, amve zonse bwinobwino."

Tsabola anali atatambasula kale dzanja, mwachizolowezi, poti chiyambire ali ndi zaka zisanu ndi zitatu pepala lililonse lolowa m'nyumba mwawo linkadzera m'manja mwake. Koma dzanja la amalume linafika poyamba.

"Ndi yanga?"

"Ndi yanu, bambo."

"Ndiye ibwere kuno."

Anakhala pansi osauzidwa. Anang'amba envelopuyo mosamala, cham'mbali, n'kuyala kalatayo patebulo la amanijala, atasuntha kapu ya tiyi kuti apeze malo. Anaika chala chakuda ndi mafuta a zaka zambiri pansi pa mzere woyamba.

"O. Ko. Nde. Dwa. Okondedwa." Anadzutsa mutu. "Ndine ameneyo?"

"Ndi mmene timayambira makalata."

"Chabwino. Okondedwa bambo."

Anapitiriza. Ankayenda ngati munthu wowoloka mtsinje pamiyala, phazi limodzi, kenako linalo, koma sankagwa. Mawu aafupi ankawameza amphumphu. Aatali ankawadula, n'kuwalumikiza, n'kuwanenanso onse pamodzi. Akapitawo, amene anayenera kutseka chitseko, anaiwala, ndipo awiri a pabenchi aja anali ataimirira pakhomo.

"Bambo," anatero amanijala, "sikofunika kuti muvutike. Mwachidule kalatayi ikunena kuti..."

"Ndili pa mzere wachiwiri, bwana. Mundisocheretsa chala."

Pa mzere wachinayi anakumana ndi mawu aatali ngati sitima, ndipo chala chinaima. Milomo inkayenda popanda liwu. Tsabola ankawaona mawuwo ali chadodolido kuchokera pomwe anaima, ndipo anali kale pa nsonga ya lilime lake. Wophunzira akakakamira suyenera kumulanditsa msanga. Umadikira, n'kumusiya alimbane nawo. M'kantini zimenezi zinali zophweka. Muno anachita kuluma tsaya m'kati, n'kumawerenga mumtima, modzi, wiri, tatu, uku amanijala akuyang'ana wotchi ya pakhoma.

"Ndi. Ku. Ku. Dzi." Amalume anapuma. "Wi. Tsa. Ni. Ndikukudziwitsani." Anagwedeza mutu. "Mawu onsewa kungofuna kunena kuti tamverani."

Kuchokera pakhomo, Mayi a Simbi anati, "Pitirizani, achimwene, tikumva."

"Ndikukudziwitsani kuti ntchito yanu itha pa mapeto a mwezi uno." Apa sanadule mawu alionse. Anawerenga ngati akuwerenga za munthu wina. Chala chinatsikira mzere wotsatira. "I. Zi. Izi zili choncho chi. Fu. Kwa. Chifukwa choti inu si. Mu. Dzi. Wa. Simudziwa ku. We. Re. Nga."

Anaima. M'chipindamo munkangomveka makina a pansi, ndi boyila chapatali.

"Aphunzitsi amati chiganizo ukachipeza movutikira uchibwereze, kuti chimveke ngati kulankhula," anatero amalume, osayang'ana aliyense. Anabwezera chala kumayambiriro. "Izi zili choncho chifukwa choti inu simudziwa kuwerenga."

Ulendo uno chinatuluka chosalala.

Amanijala anasuntha kapu ya tiyi ija n'kuibwezera pomwe inali. "Bambo, muyenera kumvetsa kuti kalatayi inalembedwa potengera..."

"Sindinamalize. Pali zina m'munsimu."

Anawerenga za kubweza ovolosi ndi makiyi. Anawerenga kuti kampani ikuwafunira zabwino zonse. Anawerenga "Ine wanu," n'kufunsa ngati amanijalawo analidi awo, koma sanadikire yankho. Pa siginecha anayang'anitsitsa nthawi yaitali, n'kutembenuzira pepalalo cham'mbali.

"Apa pokha pandikanika."

"Pamenepo palibe amene angawerenge," anatero Mayi a Simbi.

Amalume anapinda kalatayo m'mizere yake yomwe, n'kuisiya pakati pa tebulo, osati mbali yawo, osati mbali ya amanijala. Tsabola anali ndi mawu okwana kudzaza mgolo. Anayang'ana amalume ake, n'kumeza mawuwo.

"Bwana," anatero amalume, "ine sukulu yanga ndi ya m'kantini, mwina pena sindinamve. Kalatayi ikuti ndichoke chifukwa sindidziwa kuwerenga. Si choncho?"

"Malinga ndi zimene tinali nazo pa nthawiyo..."

"Ndiye amene wakuwerengerani kalatayi ndani?"

Amanijala anayang'ana akapitawo. Akapitawo anayang'ana kalendala. Nthawi yomweyo foni ya patebulo inayamba kulira, ndipo dzanja la amanijala linathamangirako ngati la munthu womira amene waona chingwe.

"Isiyeni ilire, bwana, imeneyo ntchito yake siikutha mwezi uno," anatero amalume. "Ndafunsa ndine. Amene wawerenga kalatayi ndani? Ndiyankheni."